Kodi Di María anali katswiri weniweni, kapena ankangobisala kumbuyo kwa Messi?

Funso: "Ine ndimachemerera Manchester United, ndipo Ángel Di María ndinamuona ndi maso angawa atabwera ku timu yathu mu 2014. Tinamugula ndi ndalama zankhaninkhani, tinamupatsa jezi nambala 7, koma patangotha chaka anathawa. Pano ndikumva anthu akumuika m'gulu la akatswiri akuluakulu a Argentina. Kodi si dzina la Messi lomwe lamukweza? Tandifotokozereni bwino ulendo wake, kumakalabu komanso ku timu ya dziko lake."

Yankho:

Achimwene, zomwe munaona ku Old Trafford sindingazitsutse, zinachitikadi, ndipo mtima kukuwawani nkomveka. Vuto ndi lakuti mukumuweruza munthu amene wasewera mpira wapamwamba kwa zaka pafupifupi 20 pongoyang'ana chaka chimodzi, chomwenso chinali choipitsitsa pa zaka zake zonse. Ine ndikuti Di María ndi mmodzi mwa mawinga abwino kwambiri a m'badwo wake. Ndipo mukafuna umboni weniweni, musayambe nkuwerenga zigoli zake. Yambani nkuona zomwe zinkaichitikira Argentina, Messi yemweyo ali m'bwalo, tsiku lomwe Di María wavulala.

Koma choyamba muyenera kumvetsa kuti ndi winga wamtundu wanji, chifukwa nkhani ya ku Manchester yagona pamenepo. Di María amasewera ndi mwendo wamanzere, ndipo wamanja saudalira nkomwe, moti mpira ukamugwera kolakwika amalolera kuzunguliza mwendo wamanzere kumbuyo kwa wamanja nkumenya motero. Mukamuika kumanzere, amathamanga m'mphepete mwa mzere, kumudyetsa njomba wotchinga kumbuyo nkuponya mpira pakhomo pa golo. Mukamuika kumanja, amakhotera mkati kuti golo lonse alione ndi mwendo wake wamphamvu, ndipo apo amatha kumenya yekha kapena kulowetsa mpira pakati pa otchinga kumbuyo. Mbali zonse ziwiri, chibadwa chake nchimodzi: akangolandira mpira amafuna kupita kutsogolo nthawi yomweyo. Wosewera wotere amataya mipira yambiri, ndipo palibe njira yomuchotsera zimenezo osamuchotseranso ukali wake. Mphunzitsi womugula amayenera kuvomera kuti mipira ingapo itayika kuti umodzi ubale chigoli. Chomwe chimamusiyanitsa ndi mawinga ambiri aluso ndi chakuti akautaya mpirawo saima nkugwira m'chiuno. Amaubwerera mpaka kugolo kwawo.

Anabadwa pa 14 Febuluwale 1988 mumzinda wa Rosario, kwawonso kwa Messi. Bambo ake ankachita malonda a makala, ndipo iye ali mwana ankawathandiza kulongedza m'matumba, pomwe mayi ake ankamupalasira njinga mtunda wautali kupita naye kokonzekera masewero. Anayamba kusewera mu timu yaikulu ya Rosario Central mu Disembala 2005. Mu 2007 anali m'gulu la anyamata osaposa zaka 20 omwe anatenga chikho cha dziko lonse ku Canada, ndipo chaka chomwecho Benfica ya ku Portugal inamugula. Zaka ziwiri zoyamba ku Lisbon zinali zolowa nkutuluka. Anadzaphulika mu sizoni ya 2009/10 pansi pa Jorge Jesus, akusewera kumanzere mu timu yomwe munali Pablo Aimar, Javier Saviola, Óscar Cardozo, Ramires ndi David Luiz, ndipo Benfica inatenga ligi. Pofika apo dziko linali litamudziwa kale, chifukwa mu 2008 ku Beijing ndi iye anamwetsa chigoli chimodzi chokha cha mu fainolo ya Olympics polimbana ndi Nigeria. Messi anamupatsira mpira, iye anathamanga yekha, ndipo goloboyi atatuluka anangomudumphitsa pamwamba mofatsa. Kadumphitsidwe kameneko mukasunge, chifukwa anadzakabwerezanso m'masewero akuluakulu kangapo.

Real Madrid inamugula mu 2010 pa mayuro 25 miliyoni, chaka chomwe José Mourinho anafika. Kumanzere kunali kwa Cristiano Ronaldo, pakati kunali Mesut Özil, ndiye Di María anapatsidwa kumanja, ndipo ntchito yake inali iwiri: kudyetsa Ronaldo, komanso kuthamanga mtunda womwe Ronaldo sangathamange timu ikataya mpira. Apa ndi pomwe funso lanu la Messi limayamba kugwedezeka, chifukwa kwa zaka zinayi Di María ankasewera molimbana ndi Messi, pa nthawi yomwe Barcelona inali yoopsa kuposa kale lonse. Mu fainolo ya Copa del Rey ya 2011, mpira womwe Ronaldo anaumenya ndi mutu m'nthawi yoonjezera nkugonjetsa Barcelona 1-0 unachokera kuphazi la Di María. Mu 2011/12 Madrid inatenga ligi ndi mapointi 100. Mu Supercopa ya 2012 ku Camp Nou, Madrid ikugonja 3-1 masewero ali kumapeto, Di María anathamangira goloboyi Víctor Valdés, kumulanda mpira kumapazi nkugoletsa. Chigoli chimenecho ndi chomwe chinapatsa Madrid chikhocho, popeza atafanana zigoli m'masewero awiri anawerengera zogoletsa koyenda. Winga waulesi sakanathamangira mpira wotayika ngati umenewo.

Chaka chake chopambana ku Madrid chinayamba ngati chaka chomuthamangitsa. Mu 2013 kalabu inagula Gareth Bale, yemwe malo ake anali omwewo a kumanja, ndipo aliyense ankadziwa kuti munthu wogulidwa pa mtengo umenewo sakhala pabenchi. Özil anagulitsidwa ku Arsenal. Carlo Ancelotti, yemwe anali atangolowa m'malo mwa Mourinho, anachita chinthu chanzeru: anamuchotsa Di María kumbali nkumuika pakati, chakumanzere kwa Xabi Alonso ndi Luka Modrić. Madrid ikakhala ndi mpira, iye ankaunyamula kuchoka kumbuyo kukaupereka kwa Bale, Benzema ndi Ronaldo. Ikautaya, ankatsetsereka kukatseka mbali ya kumanzere yomwe Ronaldo waisiya pululu. Munthu mmodzi ankagwira ntchito ya anthu awiri, ndipo ndi zomwe zinalola kuti atatu akutsogolo aja asewere limodzi timu osang'ambika pakati. Sizoni imeneyo anapereka mipira 17 yobala zigoli mu ligi, kuposa wina aliyense ku Spain. Anamwetsa chigoli choyamba mu fainolo ya Copa del Rey pomwe anagonjetsanso Barcelona 2-1.

Kenako kunabwera fainolo ya Champions League pa 24 Meyi 2014, pa bwalo la Benfica lomwe analizolowera. Anthu amakumbukira mutu wa Sergio Ramos wa mphindi ya 93, ndi zoona, popanda umenewo Atlético Madrid ikanatenga chikho. Koma m'nthawi yoonjezera, osewera ambiri miyendo itakana, ndi Di María yemwe anali akadathamangabe. Pa mphindi ya 110 ananyamuka ndi mpira kumanzere, kudutsa pakati pa otchinga kumbuyo, nkumenya. Thibaut Courtois anaugunda koma unakwera m'mwamba, Bale nkuumalizitsa ndi mutu. Madrid inapambana 4-1 nkutenga chikho chake cha nambala 10 chomwe inachidikira zaka 12. Wosewera bwino koposa pa tsikulo anasankhidwa Di María, ndipo yemwe anamupatsa mphotoyo anali Sir Alex Ferguson. Ameneyo ndiye munthu yemwe timu yanu inamugula patangopita miyezi itatu.

Pakati pa fainolo imeneyo ndi Manchester panali chikho cha dziko lonse cha ku Brazil. Di María anamwetsa chigoli cha mphindi ya 118 chomwe chinatulutsa Switzerland, koma m'masewero otsatira, polimbana ndi Belgium, mnofu wa pantchafu unang'ambika. Iye mwini anadzafotokoza kuti m'mawa wa tsiku la fainolo analandira kalata yochokera ku Real Madrid yofuna kuti asasewere, ndipo anaing'amba osaiwerenga nkomwe, poganiza kuti kalabu ikungoteteza katundu yemwe ikufuna kugulitsa. Anamuuza mphunzitsi Alejandro Sabella kuti ali wokonzeka kusewera ngakhale zitamuonongera mwendo. Sabella sanamulowetse, ndipo Germany inapambana 1-0. Posakhalitsa Madrid inagula James Rodríguez ndi Toni Kroos. Kalabu inkati Di María wakana mgwirizano watsopano, iye ankati sanafunepo kuchoka. Chodziwika nchakuti sizoni yotsatirayo, iye ndi Xabi Alonso atachoka, Madrid sinatenge ligi, Copa del Rey kapena Champions League, ndipo Ancelotti anachotsedwa ntchito.

Tsopano tifike pabala lanu. Manchester United inalipira mapaundi 59.7 miliyoni mu Ogasiti 2014, mtengo womwe panthawiyo palibe kalabu ya ku Britain inali italipirapo. Ndipo ngati mukukumbukira bwino, mwezi woyamba munkaimba nyimbo. Anagoletsa polimbana ndi QPR pa masewero ake oyamba ku Old Trafford, ku Leicester anadumphitsa Kasper Schmeichel ndi chigoli chokongola, anagoletsanso polimbana ndi Everton. Koma masewero a ku Leicester aja ndi omwe, mwa kuona kwanga, anasintha zonse. United inkatsogola 3-1 nkudzagonja 5-3. Louis van Gaal, mphunzitsi wa United panthawiyo, anali wokhulupirira kuti timu isunge mpira, aliyense aime pamalo pake, ndipo kutaya mpira mosasamala ndi tchimo. Atamwa zigoli zisanu, anamanga timu mwamphamvu, mpira unayamba kuyenda pang'onopang'ono, cham'mbali ndi chakumbuyo. Mu mpira wotere Di María alibemo chakudya. Pomwe iye akulandira mpira, adani onse abwerera kale m'malo mwawo, malo othamangira palibe, ndipo akayesa njomba nkulephera amaoneka ngati wosamvera malangizo.

Iye anadzadandaula kuti ngakhale atagoletsa kapena kupereka mpira wa chigoli, mawa lake mphunzitsi ankamuonetsa zithunzi za mipira yomwe anataya. Van Gaal naye anadzayankha kuti anamuyesa m'malo onse akutsogolo koma sanamukhutiritse paliponse. Onse awiri ankanena zoona, ndipo mawu a Van Gaal ndi omwe akuulula vuto: sabata ino pakati, sabata yamawa kumbali, kenako kutsogolo ngati womwetsa zigoli, malo omwe thupi lake lowonda silingalimbane ndi otchinga kumbuyo a ku England atawapatsa msana. Kumapeto kwa Novembala anavulala mnofu polimbana ndi Hull. Kumapeto kwa Januwale 2015 mbava zinayesa kuthyola nyumba yake ku Cheshire iye ndi banja lake ali momwemo, ndipo banjalo silinakhazikikenso mtima. Mu Malichi, pa masewero a FA Cup ndi Arsenal, anakoka malaya a woyimbira Michael Oliver nkulandira kadi yofiira. Ali kunja, Ashley Young anasewera bwino kumanzere, timu inayamba kupambana, ndipo Di María anamaliza sizoni ali pabenchi.

Sindikumuyeretsa. Kukoka malaya a woyimbira kunali kupusa, ndipo zinaoneka kuti zinthu zitavuta mtima wake unachokamo msanga. Wosewera wogulidwa pa mtengo umenewo amayenera kumenyera malo ake chaka chachiwiri, iye sanatero, ndipo pa chimenecho muli ndi ufulu womukwiyira. Komabe yang'anani manambala a chaka chomwe mukuchitcha cholephera: masewero 27 a mu ligi, zigoli 3, mipira 10 yobala zigoli. Mu timu ya United sizoni imeneyo palibe anapereka mipira ya zigoli yochuluka kuposa iye, ngakhale anakhala pabenchi miyezi yomaliza. Zigoli zinachepa, mtengo unali waukulu, koma luso silinathe. Kalabu inagula wosewera wa mpira wothamanga nkumupereka kwa mphunzitsi wa mpira wodekha, pa nthawi yomwe timu yonse inali ikusakabe njira Ferguson atapuma.

Umboni woti luso linalipobe unabwera msanga. Paris Saint-Germain inamugula mu Ogasiti 2015 pa mapaundi pafupifupi 44 miliyoni, ndipo sizoni yake yoyamba anapereka mipira 18 yobala zigoli mu ligi ya ku France. Anakhala kumeneko zaka 7, anatenga ligi kasanu, anamwetsa zigoli zoposa 90, ndipo pochoka mu 2022 palibe wosewera m'mbiri ya kalabuyo yemwe anali atapereka mipira ya zigoli yambiri kuposa iye. Mwina munena kuti ligi ya ku France njofooka. Chabwino, tiyang'ane Champions League yokha. Pa 14 Febuluwale 2017, tsiku lake lobadwa, anamwetsa zigoli ziwiri pomwe PSG inakuntha Barcelona ya Messi 4-0, ngakhale inakataya mwayiwo mochititsa manyazi pogonja 6-1 kobwereza. Mu Febuluwale 2019 anabwerera ku Old Trafford, masapota anu anamukuwiza usiku wonse, ndipo zigoli zonse ziwiri za PSG, cha Presnel Kimpembe ndi cha Kylian Mbappé, zinachokera kwa iye. Mu Seputembala chaka chomwecho anaimwetsa Real Madrid zigoli ziwiri. Mu 2020 anagoletsa chimodzi nkupereka ziwiri mu semifainolo yolimbana ndi Leipzig, PSG nkufika mu fainolo koyamba, komwe inagonja 1-0 ndi Bayern Munich. Onaninso kuti Neymar ndi Mbappé atabwera mu 2017, anthu ankati nthawi yake yatha, monga momwe ananenera Bale atafika ku Madrid. Aphunzitsi ankasinthana, koma aliyense ankamaliza nkumupezera malo.

Ku timu ya dziko lake, komwe anayamba kusewera mu 2008, ndi komwe anamva zowawa zenizeni. Fainolo ya 2014 anaionera pabenchi. Mu fainolo ya Copa América ya 2015 polimbana ndi Chile anayamba bwino, koma theka la ola lisanakwane mnofu unakokanso ali pa liwiro, nkutuluka. Mu 2016, fainolo inanso ndi Chile yomweyo, anali atangochira kumene, anasewera asali bwino ndipo anatulutsidwa chigawo chachiwiri chisanafike patali. Tsono werengani bwino apa. Mafainolo atatu, onse anafika nthawi yoonjezera, kutanthauza mphindi 360, ndipo Argentina sinagoletse ngakhale chigoli chimodzi. Messi anasewera mphindi zonsezo. Sindikunena kuti kusowa kwa Di María ndiye chifukwa chokhacho, chifukwa Gonzalo Higuaín anaphonya mipata yoonekeratu, ndipo mapenate ndi mapenate. Koma kaseweredwe kake kanali koonekeratu: popanda munthu wothamangira kumbuyo kwa otchinga, adani ankangomuunjikira Messi atatu kapena anayi, osaopa kuti wina awabaya kumbali.

Anthu a ku Argentina sanazione choncho. Kwa iwo anali munthu yemwe amathyoka pa tsiku lalikulu, ndipo chipongwe chomwe analandira chinafika mpaka pa banja lake. Mu 2018 ku Russia anamwetsa chigoli chapatali choopsa polimbana ndi France, koma Argentina inagonja 4-3 ndipo chinaiwalika. Lionel Scaloni atatenga timu, anamuika pabenchi mu Copa América ya 2019, kenako anasiya kumuitana kwa nthawi yaitali. Anzake ena a m'badwo wake anali atatsanzika kale. Iye anakana kutsanzika, ankanena poyera kuti akufuna kubwerera ngakhale zikhale zokakhala pabenchi. Ichi ndi chomwe chimandipangitsa kukana mawu oti ndi wamantha. Ku Manchester anagwa ulesi, inde, koma pa jezi yomwe ankaikonda anapirira zaka zambiri akunyozedwa.

Pa 10 Julayi 2021, ku Maracanã, fainolo ya Copa América polimbana ndi Brazil, Scaloni anamuyambitsa kumanja ngakhale masewero ambiri a mpikisanowo ankalowa kuchokera pabenchi. Pa mphindi ya 22 Rodrigo De Paul anaponya mpira wautali kuchokera chapakati, Renan Lodi anaulephera, Di María anaugwira kamodzi nkumudumphitsa Ederson, chimodzimodzi ngati ku Beijing. Masewero anathera pa 1-0, ndipo Argentina inatenga chikho chake chachikulu choyamba chichokereni 1993. Chinalinso chikho choyamba cha Messi ndi timu yaikulu ya dziko lake, ndipo tsiku limenelo Messi sanagoletse, anaphonyanso mpata wabwino chakumapeto. Pa 1 Juni 2022 ku Wembley, Argentina inagonjetsa Italy 3-0 mu Finalissima, masewero a akatswiri a ku South America ndi akatswiri a ku Ulaya, ndipo Di María anadumphitsa Gianluigi Donnarumma atalandira mpira kwa Lautaro Martínez.

Fainolo ya chikho cha dziko lonse ya ku Qatar, polimbana ndi France pa 18 Disembala 2022, ndi yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ikuonetsa bwino kuti winga angathe kusintha masewero motani. Di María anavulala m'ndime ya m'magulu. Sanasewere ndi Australia, analowa kwa mphindi zochepa chabe polimbana ndi Netherlands, ndipo ndi Croatia sanalowe nkomwe. Dzina lake litaoneka pa mndandanda wa fainolo, ambiri ankayembekezera kuti aima kumanja monga mwa nthawi zonse. Scaloni anamuika kumanzere. Nzeru yake inali yotere: Messi amakonda kuyendayenda chakumanja, ndiye osewera a France ankakokedwera kumeneko. Mbali inayo kunkatsala Jules Koundé, yemwe kwenikweni ndi wotchinga pakati, ndi Ousmane Dembélé, yemwe kutchinga si ntchito yake. Di María anauzidwa kuima pamzere penipeni, kutali ndi gulu, nkudikira. Mpira ukangochoka kwa Messi kupita mbali inayo, ankaupeza ali ndi munthu mmodzi yekha patsogolo pake, ndipo kwa winga palibe mphatso yoposa imeneyo.

Zotsatira zake munaziona. Anamupinda Dembélé pafupi ndi mzere wakugolo, kulowa m'bokosi, Dembélé nkumukola kumbuyo, penate, Messi nkugoletsa pa mphindi ya 23. Pa mphindi ya 36 Argentina inalanda mpira kumbuyo, unadutsa kwa Messi, kwa Julián Álvarez, kwa Alexis Mac Allister, ndipo yemwe anathamanga mtunda wonse kudzaumalizitsa anali Di María, ali ndi zaka 34. Anagwetsa misozi masewero ali mkati. Mphunzitsi wa France, Didier Deschamps, sanadikire nkomwe nthawi yopuma, pa mphindi ya 41 anatulutsa Dembélé ndi Olivier Giroud, ndipo chigawo choyamba chonse France sinamenyeko mpira wolunjika kapena wophonya golo. Di María anatulutsidwa pa mphindi ya 64, Marcos Acuña nkulowa. Ndikumvetsa chifukwa chake, munthu anali atangochira ndipo Scaloni ankafuna kutseka mbaliyo. Koma atangochoka, France inasiya kuopa kumanzere kwa Argentina, inakankhira anthu kutsogolo, ndipo Mbappé anabweza zigoli ziwiri pa mphindi ya 80 ndi 81. Masewero anathera pa 3-3, Argentina nkupambana 4-2 pa mapenate, iye akuonera pabenchi misozi ili m'maso.

Za makalabu ake omaliza ku Ulaya sindichedwapo. Ku Juventus anakhalako sizoni imodzi ya 2022/23, yodzaza ndi kuvulala komanso mavuto a kalabuyo, ngakhale anamwetsa zigoli zitatu m'masewero amodzi polimbana ndi Nantes mu Europa League. Kenako anabwerera ku Benfica kwa zaka ziwiri. Timu ya dziko lake anaitsanzika pa 14 Julayi 2024 ku Miami, mu fainolo ya Copa América yomwe anagonjetsa Colombia 1-0 ndi chigoli cha Lautaro Martínez. Messi anatuluka atavulala m'chigawo chachiwiri, Di María anavala lamba wa ukaputeni nkusewera mpaka chakumapeto kwa nthawi yoonjezera. Anamaliza ndi masewero 145 ndi zigoli 31. Ankafuna kubwerera kwawo chaka chomwecho, koma banja lake linaopsezedwa ndi zigawenga ku Rosario, ndipo anadikira mpaka 2025 pomwe anavalanso jezi ya Rosario Central.

Ndiye kodi Messi anamuthandiza? Kwambiri, ndipo ndingakhale wabodza kukana. Mpira wa ku Beijing ndi wa Switzerland unachokera kwa Messi, ndipo malo omwe Di María ankathamangiramo nthawi zambiri ankatseguka chifukwa adani maso onse ali pa nambala 10. Koma malo otseguka amafuna munthu wodziwa nthawi yolowamo, komanso wosanjenjemera akatsala yekha ndi goloboyi dziko lonse likuyang'ana. Argentina inali ndi Higuaín, Sergio Agüero, Carlos Tevez ndi Ezequiel Lavezzi, onse akatswiri kumakalabu awo, onse anasewera ndi Messi yemweyo, koma palibe mwa iwo anagoletsa mu fainolo ya 2014, 2015 kapena 2016. Di María anagoletsa m'mafainolo anayi: Olympics, Copa América, Finalissima ndi chikho cha dziko lonse. Ndipo Champions League anaitenga ali kutali ndi Messi.

Pa funso loti aikidwe pati, ine sindimuika pa mpando umodzi ndi Maradona kapena Messi. Iwowo timu inkamangidwa mowazungulira, pomwe Di María sanakhalepo mwini timu kulikonse komwe anapita. Sanali womwetsa zigoli zambiri ngati Mohamed Salah, ndipo anali ndi masiku omwe chilichonse chimamukanika, mpira kumangotayika mpaka masapota kutopa naye. Koma pa mzere wotsatira, wa Mario Kempes, Daniel Passarella ndi Gabriel Batistuta, dzina lake likukwanira bwinobwino, ndipo pa mawinga enieni omwe Argentina yatulutsa m'zaka 40 zapitazi, ngakhale Claudio Caniggia ndimamuika pambuyo pake.

Mukapeza mpata, onereninso fainolo ya ku Qatar kuyambira poyamba mpaka mphindi ya 64, koma musatsate mpira. Muziyang'ana komwe Di María waima pomwe mpira uli mbali ina, kangati Koundé akutembenuza mutu kumufufuza, komanso mtunda womwe Dembélé akukakamizika kubwerera kumbuyo. Mukamaliza, onerani masewero aliwonse a United a mu Febuluwale 2015, ndipo muwerenge adani angati omwe aima kale patsogolo pake nthawi iliyonse mpira ukamufika.